Kompyuta m'kati mwa kompyuta: mmene sisitemu ina imakhalira mlendo pa makina akale

Kuyambira pa 14 Okutobala 2025, tsiku limene kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, eni makompyuta akale akhala akumva malangizo osiyanasiyana. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, monga ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu imene inayamba kutuluka mu 2017, choncho makompyuta ambiri ogula pa kaunjika amene akugwira ntchito m'maofesi, m'masukulu ndi m'mashopu osindikiza makalata sakuloledwa kuilandira. Mwa malangizo onsewo, amene akuzunguza anthu mitu kwambiri ndi akuti munthu aike Linux, kenako Windows yakaleyo aziiyendetsa m'kati mwa Linux. Womva amadabwa kuti chinthu chimene chimalamulira kompyuta yonse chingalowe bwanji m'mimba mwa chinzake, komanso ngati makina a zaka khumi kapena kuposerapo angasenze katundu wotere. Zimatheka ndithu, ndipo lusoli ndi lakale kuposa makompyuta a pa desiki, koma lili ndi malire amene munthu ayenera kuwadziwa asanafufute chilichonse pa makina ake.

Mwininyumba, mlendo ndi kapitawo

Pa kompyuta iliyonse pamakhala pulogalamu yaikulu imene akatswiri amaitcha operating system, imene pano tiziitcha sisitemu. Windows, Linux, macOS ndi DOS yakale ija zonsezi ndi masisitemu. Ntchito ya sisitemu ndi kugawira mapulogalamu ena onse zinthu zimene makina ali nazo: nthawi ya purosesa, imene ndi ubongo wowerengera, malo mu RAM, imene ndi memori yogwirira ntchito ya nthawi yomweyo, malo pa disiki, ndiponso mwayi wogwiritsa ntchito sikirini, kiyibodi ndi pulinta. Sisitemu iliyonse inalembedwa ndi maganizo akuti ndi yokhayo imene ili ndi makiyi a nyumba yonse, ndipo apa ndi pamene pagona vuto. Masisitemu awiri akaikidwa pa makina amodzi nthawi imodzi popanda wowayanjanitsa, iliyonse idzalemba m'malo amene inzake yasungamo zinthu zake, ndipo kompyuta idzauma.

Njira yothetsera mkanganowu ikufanana ndi zimene zimachitika pa pulotu imodzi pamene pali nyumba yaikulu ndi kanyumba ka kuseri kochititsa lendi. Sisitemu imene imadzuka poyamba mukayatsa makina ndi mwininyumba. Sisitemu yachiwiri ndi mlendo, ndipo imapatsidwa kanyumba kakekake kotchedwa virtual machine, kutanthauza kompyuta yongoyerekeza yomangidwa ndi pulogalamu osati ndi zitsulo. Pakati pa awiriwa pamaima pulogalamu yotchedwa hypervisor, imene tingaitche kapitawo. VirtualBox, VMware Workstation ndi QEMU ndi ena mwa akapitawo odziwika kwambiri pa makompyuta wamba.

Kapitawo amaonetsa mlendo zipangizo zabodza zimene zimaoneka ngati zenizeni. Chimene mlendo amachiona ngati hadi disiki yake ndi fayilo imodzi yaikulu pa disiki ya mwininyumba. Chimene amachiona ngati sikirini ndi windo limodzi chabe pakati pa mawindo ena. Amapeza khadi la intaneti, wotchi, doko la USB ndi kotsegulira CD, koma zonsezi ndi zojambula, ndipo pempho lililonse limene wapereka kwa izo limadutsa mwa kapitawo, amene amakalipereka kwa mwininyumba. Mlendo amakhulupirira kuti ali yekha pa pulotu, komabe madzi ndi magetsi amene akugwiritsa ntchito akudutsa pa mita imodzi ya nyumba yaikulu. Mfundo ya mita imodziyi ndi imene imafotokoza pafupifupi mavuto onse amene eni makina akale amakumana nawo.

Zinthu zitatu zimene anthu amazisokoneza

Pali njira ina yakale imene anthu amaiphatikiza ndi nkhaniyi, yotchedwa dual boot. Pa njira imeneyi disiki imagawidwa pawiri, Windows mbali ina, Linux mbali ina, ndipo poyatsa makina munthu amasankha imodzi. Pano palibe mlendo, pali eni nyumba awiri osinthana masiku, ndipo kuti muchoke kwa wina kupita kwa mnzake muyenera kuzimitsa kompyuta ndi kuiyatsanso. Pulogalamu ya Wubi, imene inkabwera ndi Ubuntu, mtundu wina wa Linux, kuyambira mu 2008, inawonjezera chisokonezochi chifukwa inkaikidwa kuchokera mu Windows ngati pulogalamu wamba, koma Ubuntu yakeyo inkadzuka payokha poyatsa makina, Windows ili chigonere.

Njira yachiwiri ndi emulation, kumene ndi kutsanzira makina ena kotheratu, kuphatikizapo purosesa yake. Apa kapitawo amagwira ntchito ya womasulira wa pa khoti kapena pa msonkhano wa tchalitchi: lamulo lililonse limene mlendo walankhula amalimva, amalitembenuza, kenako amalinena m'chinenero cha purosesa yeniyeni. Ubwino wake ndi wakuti mlendo angakhale wa mtundu wina uliwonse, ndipo kuipa kwake ndi kwakuti ulaliki wa mphindi makumi awiri umatenga nthawi yoposa kawiri. Bochs, imene Kevin Lawton anayamba kulemba mu 1994, ndi DOSBox ya mu 2002 zimagwira ntchito motere. QEMU, imene Fabrice Bellard wa ku France anaitulutsa mu 2003, imathanso kutero. Kwa mlendo wakale kwambiri kuchedwaku sikuoneka, chifukwa pulogalamu ya DOS imene inalembedwera makina a m'ma 1990 imafuna mphamvu yochepa kwambiri moti ngakhale laputopu yotopa imamasulira msanga kuposa mmene makina oyambirirawo ankathamangira.

Njira yachitatu ndi virtualization yeniyeni, imene imatheka pamene mlendo ndi mwininyumba akulankhula chinenero cha purosesa imodzi. Womasulira safunikanso pa mawu aliwonse. Malamulo ambiri a mlendo, monga kuphatikiza manambala kapena kusanja mawu, amapita molunjika kwa purosesa, ndipo kapitawo amalowererapo pokhapokha mlendo akafuna kukhudza chinthu cha nyumba yonse. N'chifukwa chake njirayi imathamanga kwambiri kuposa kutsanzira.

Palinso Wine, imene inayamba mu 1993, yomwe simanga kanyumba ka mlendo n'komwe. Iyo imalola pulogalamu imodzi ya Windows kuyenda pa Linux poiyankha mmene Windows ikanaiyankhira. Mapulogalamu ena amayenda bwino, ena amakana, koma pa makina osowa memori ndi bwino kuiyesa poyamba chifukwa simasenza sisitemu yachiwiri.

Chifukwa chake makompyuta wamba anachedwa

Kampani ya IBM inkagawa kale makina ake aakulu kukhala makompyuta ongoyerekeza m'zaka za m'ma 1960, pa masisitemu otchedwa CP-40 ndi CP-67, ndipo mu 1972 inatulutsa VM/370 yoperekedwa kwa makampani. Mu 1974 akatswiri awiri, Gerald Popek ndi Robert Goldberg, analemba mfundo zimene purosesa iyenera kukwaniritsa kuti izi zitheke mosavuta. Mfundo yaikulu ndi yakuti lamulo lililonse lokhudza ulamuliro wa makina onse liyenera kuliza belu likaperekedwa ndi wina amene alibe udindo, kuti kapitawo amve n'kubwera kudzaliweruza.

Mapurosesa a banja la x86, amene Intel ndi AMD amapanga ndipo ali m'makompyuta ambiri a pa desiki ndi m'malaputopu, sanakwaniritse mfundo imeneyi. Mapurosesawa ali ndi magawo anayi a udindo, kuyambira 0 mpaka 3. Sisitemu imakhala pa gawo 0, pamene pali mphamvu zonse, ndipo mapulogalamu wamba amakhala pa gawo 3. Mlendo sangapatsidwe gawo 0 chifukwa angalande nyumba, choncho amatsitsidwa pansi iye osadziwa. Zikanayenda bwino belu lija likanamalira nthawi zonse, koma mu 2000 John Scott Robin ndi Cynthia Irvine anaonetsa kuti pa purosesa ya Intel yotchedwa Pentium pali malamulo 17 amene saliza belu. Limodzi mwa iwo, lotchedwa POPF, likaperekedwa ndi wopanda udindo, purosesa imangonyalanyaza mbali ina ya lamulolo mwakachetechete. Mlendo amaganiza kuti watseka chitseko kuti asasokonezedwe pa ntchito yofunika, pamene chitsekocho chili pululu, ndipo kapitawo sanamve kanthu.

Kampani ya VMware, imene inakhazikitsidwa mu 1998 ku California ndi gulu la anthu kuphatikizapo Diane Greene ndi Mendel Rosenblum, inapeza njira yozungulira vutoli ndipo inatulutsa pulogalamu yake yoyamba mu 1999. Kapitawo wawo ankawerenga malamulo a mu mtima wa sisitemu ya mlendo asanafike kwa purosesa, n'kuchotsa oopsawo ndi kuikapo ena otetezeka, pamene mapulogalamu wamba a mlendo ankaloledwa kuthamanga molunjika. Luso limeneli, lotchedwa binary translation, ndi limene linachititsa kuti munthu wokhala ndi Pentium III athe kuyendetsa Windows m'kati mwa Linux, ndipo ine ndimaliona ngati imodzi mwa ntchito zanzeru kwambiri m'mbiri ya makompyuta wamba, chifukwa linakonza ndi pulogalamu chilema chimene chinali m'chitsulo.

Opanga mapurosesa anadzakonza chilemacho okha. Mu Novembala 2005 Intel inatulutsa luso la m'purosesa lothandiza kapitawo, lotchedwa VT-x, pa mitundu iwiri ya Pentium 4, ndipo AMD inatsatira mu 2006 ndi AMD-V. Zimenezi zinapatsa kapitawo mpando wapamwamba kuposa gawo 0, kotero mlendo amakhala pa gawo 0 lake n'kumadziona ngati mfumu, koma purosesa yokha imamuimitsa ndi kuitana kapitawo pakafunika. Kenako panabwera thandizo lina pa kasungidwe ka memori, limene AMD inaliyamba mu 2007 ndipo Intel inalibweretsa mu 2008 ndi dzina la EPT pa mapurosesa oyamba a Core i7. Kuyambira pamenepo mlendo anayamba kuthamanga pafupifupi ngati mwininyumba pa ntchito zambiri. Linux inalandira kapitawo wakewake wotchedwa KVM mu 2007, ndipo QEMU ikagwirizana ndi KVM imaleka kumasulira n'kuyamba kugwiritsa ntchito luso la m'purosesali.

Funso loyamba kwa mwini makina akale

Mbiriyi ili ndi tanthauzo lenileni kwa munthu amene ali ndi kompyuta ya pakati pa 2006 ndi 2010, chifukwa si purosesa iliyonse ya nthawi imeneyo imene ili ndi VT-x. Intel inkaichotsa pa mitundu yotchipa, monga Core 2 Duo E4300 ndi Atom N270 imene inali m'timalaputopu ting'onoting'ono tambiri. Ngakhale pamene ilipo, opanga makompyuta ambiri ankaisiya yozimitsa mu BIOS, imene ndi pulogalamu yaing'ono yodzuka makina asanafike pa sisitemu. Anthu ambiri amene amaganiza kuti makina awo sangathe, vuto lawo limakhala ili lokha. Pa Windows 10, Task Manager imaonetsa pa gawo la purosesa ngati virtualization ndi yoyatsa, ndipo pa Linux munthu amafufuza mawu akuti vmx kapena svm mu fayilo ya /proc/cpuinfo. Kuti muyatse, mumalowa mu BIOS poyatsa makina, kawirikawiri podina F2, F10, F1 kapena Delete malinga ndi wopanga, n'kufufuza Intel Virtualization Technology kapena SVM Mode.

Ngati purosesa ilibe lusoli, zitseko zambiri zatsekedwa kale. VirtualBox, imene inayambidwa ndi kampani ya Innotek ya ku Germany, n'kugulidwa ndi Sun Microsystems mu 2008 kenako n'kupita kwa Oracle mu 2010, inaleka kuyenda pa eni nyumba a 32-bit, amene ndi masisitemu a kapangidwe kakale kuposa a 64-bit, pamene inafika pa mtundu wa 6.0 kumapeto kwa 2018, ndipo 6.1 ya kumapeto kwa 2019 inachotseratu njira yakale yosadalira VT-x kapena AMD-V. Wokhala ndi purosesa yopanda lusoli amatsala ndi mitundu yakale ya VirtualBox imene sikonzedwanso, ndipo alendo amene angawalandire ndi a 32-bit okha. Angathenso kugwiritsa ntchito QEMU yomasulira lamulo lililonse, imene imapirira DOS ndi Windows 98 koma imakwawa pa masisitemu atsopano.

Mphika umodzi, anthu awiri

Purosesa ikavomera, funso lachiwiri ndi RAM, ndipo pa makina akale ili ndi limene limagamula mlandu. Memori imene mwapatsa mlendo imachoka m'manja mwa mwininyumba nthawi yonse imene mlendoyo ali maso. Windows XP imadzuka ndi 128 MB ndipo imakhala bwino ndi 512 MB, choncho kompyuta ya 2 GB yokhala ndi Linux yopepuka imatha kuisunga. Windows 7 imafuna 1 GB pa mtundu wa 32-bit ndi 2 GB pa wa 64-bit, ndipo awa ndi malire a pansi chabe, kotero makina a 4 GB amaikwanitsa movutikira, makamaka ngati mwininyumba watsegula burawuza yokhala ndi masamba ambiri. Windows 11 yokha imafuna 4 GB ya RAM ndi 64 GB ya disiki, zimene zikutanthauza kuti pa makina a 4 GB mwininyumba sangatsale ndi kanthu.

Kulakwitsa kofala ndi kupatsa mlendo memori yambiri poganiza kuti athamanga. Mwininyumba akapanikizika amayamba kusamutsira zinthu zake pa disiki, ndipo disiki yozungulira ya m'makompyuta akale imachedwa kutalitali poyerekeza ndi RAM. Pa nthawi yomweyo mlendo nayenso akuwerenga fayilo yake yaikulu pa disiki imodzimodziyo, kotero kasingano kowerengera kamangothamangira uku ndi uku, kanyali ka disiki kamayaka osazima, ndipo zonse ziwiri zimauma. Lamulo limene amisiri ambiri amatsatira ndi losapatsa mlendo zoposa theka la memori, komanso losamupatsa mitima yonse ya purosesa, imene ndi zigawo zake zowerengera (cores). Kusintha disiki yozungulira n'kuikapo SSD, imene ndi disiki yothamanga yopanda zozungulira, ndiponso kuwonjezera RAM kumathandiza kuposa kusintha kwina kulikonse, ndipo malaputopu ambiri a maofesi a zaka za m'ma 2010 amalola zonse ziwiri ndi sikuludiraiva chabe.

Pali kanthu kena kamene anthu amaiwala akangomaliza kuika mlendo. Akapitawo amabwera ndi madiraiva apadera, timapulogalamu tothandiza sisitemu kulankhula ndi zipangizo, oikidwa m'kati mwa mlendo, otchedwa Guest Additions pa VirtualBox ndi VMware Tools pa VMware. Popanda iwo sikirini imakhala yaing'ono, mausi imadumphadumpha, ndipo kusinthana mafayilo kumavuta. Ngakhale atayikidwa, zithunzi za 3D zimakhalabe zofooka, choncho masewero aakulu ndi mapulogalamu ojambula mapulani a nyumba sasangalala m'kanyumba ka kuseri.

Ndani alowe mwa ndani

Chifukwa chachikulu chimene anthu amafunira mlendo ndi pulogalamu kapena chipangizo chimodzi chimene sichinasamuke ndi nthawi. Ingakhale pulogalamu yowerengera ndalama imene bizinesi yasungiramo mabuku ake kwa zaka zambiri, sikana kapena pulinta imene madiraiva ake anathera pa Windows XP, kapena makina odulira zikwangwani amene amamva pulogalamu imodzi yokha. Windows ya 64-bit siyendetsa mapulogalamu a 16-bit a nthawi ya DOS ndi Windows 3.1, ndipo Windows 11 ilipo ya 64-bit yokha. Microsoft yomwe inavomereza vutoli mu 2009 pamene inapereka Windows XP Mode kwa ogula Windows 7 Professional, Enterprise ndi Ultimate, imene inali Windows XP yathunthu yoyenda mu Virtual PC, pulogalamu imene inagula kwa Connectix mu 2003. Pa zipangizo za USB, kapitawo amatha kulanda chipangizocho kwa mwininyumba n'kuchipereka kwa mlendo molunjika, ndipo umu ndi mmene sikana yakale imakhaliranso ndi moyo.

Mbali imene sisitemu iliyonse yaima ndi yofunika kwambiri pa chitetezo. Windows XP inaleka kulandira zokonza pa 8 Epulo 2014, ndipo Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Kuopsa kwa masisitemu osakonzedwa kunaoneka mu Meyi 2017 pamene vairasi ya WannaCry inatseka makompyuta m'mayiko ambiri, kuphatikizapo a zipatala za boma ku Britain, mpaka Microsoft inatulutsa chokonza chadzidzidzi cha Windows XP imene inali itaisiya kale. Sisitemu yakale ikakhala mlendo m'nyumba ya mwininyumba amene akulandirabe zokonza, ngoziyo imachepa, makamaka mukaichotsera khadi la intaneti n'kuisiyira foda imodzi yokha yosinthirana mafayilo. Foda imeneyo ndi khomo lenileni, ndipo vairasi yotseka mafayilo ikalowa mwa mlendo imatha kuwononga zonse zili mmenemo, choncho si nzeru kugawana naye disiki yonse.

Mukatembenuza dongosololi phindu lake limachepa kwambiri. Mlendo watsopano wokhala mwa mwininyumba wakale wosakonzedwa satetezeka, chifukwa batani lililonse limene mwadina limadutsa kaye mwa mwininyumba, ndipo pulogalamu yakuba imene yakhala mmenemo imaona zonse. Komabe dongosolo limeneli lili ndi ntchito ina yabwino, imene ndi kuphunzira. Wophunzira amene akufuna kudziwa Linux angaike Debian, Lubuntu kapena Linux Mint ya Xfce ngati mlendo pa Windows yake, n'kuiwononga kangapo popanda kutaya fayilo ya sukulu ngakhale imodzi. Chimene chimathandiza apa ndi snapshot, chithunzi cha mmene mlendo alili pa mphindi inayake, chimene mungabwererepo zinthu zikasokonekera. Zithunzizi zimadya malo pa disiki zikachuluka, ndipo sizilowa m'malo mwa kusunga mafayilo kwina, popeza disiki yeniyeni ikafa zimafera limodzi ndi mlendo.

Chiphaso ndi magetsi

Kapitawo angakhale waulere, monga VirtualBox, QEMU, ndiponso VMware Workstation Pro imene inayamba kuperekedwa mwaulere mu 2024, koma Windows ya m'kati mwake imafunabe chiphaso chake. Chiphaso chimene chinabwera ndi kompyuta kuchokera kufakitale, chija cha pa sitika ya pansi pa laputopu, kawirikawiri chimamangiriridwa ku makina amenewo, ndipo mlendo amaoneka kwa Windows ngati kompyuta ina. Ma Windows osinthidwa amene amapezeka pa intaneti atachotsedwa loko amabwera nthawi zambiri ndi zinthu zobisika zimene mwini wake sanazipemphe, ndipo kuwaika m'kanyumba ka kuseri sikuwayeretsa.

Kumadera kumene magetsi amazimazima palinso ngozi ina. Kompyuta ya pa desiki ikazima mwadzidzidzi, masisitemu awiri amagwa nthawi imodzi, ndipo zimene mlendo ankaganiza kuti walemba pa disiki zingakhale zinali zidakali m'manja mwa mwininyumba. Fayilo yaikulu ija ikawonongeka, kompyuta yonse yongoyerekeza imakana kudzuka. Laputopu ya batire lamoyo kapena UPS, chipangizo chosunga magetsi a kanthawi, imapereka mphindi zokwanira kutseka mlendo mwadongosolo. Popeza mlendo yense ndi foda imodzi, mungamuzimitse, n'kumukopera pa disiki ya kunja kamodzi pa sabata, ndipo makina akale akadzafa, fodayo imatsegulidwa pa kompyuta ina yokhala ndi kapitawo yemweyo, pulogalamu ya mabuku a ndalama ija n'kupezeka pamene munaisiya, ngakhale kuti Windows ingapemphenso kuti mutsimikizire chiphaso chake.